Kupita ku Joni kapena Kutsala ndi Mayi

Aliyense amene anaimapo pa chipata cha Dedza m'mawa wa mwezi wa June, chisanu chikuluma zala ndipo nkhungu itakuta phiri, anawaonapo anyamata athu. Amakhala atakumbatira kachikwama kamodzi, akudikira kuti basi iwoloke nawo ku Calomue, itsikire ku Tete, idutse pa Nyamapanda mpaka ku Beitbridge. Ambiri mwa iwo tinawaphunzitsa tokha alifu ndi baa atakhala pamkeka. Timawaona akupita, timawapemphera duwa, koma kawirikawiri sitidziwa nkhondo imene inachitika mumtima mwawo asanagule tikitiyo.

Mmodzi wa iwo anatipeza titangomaliza swala ya Asr. Bambo ake anamwalira kalekale, mlongo wake yekhayo anatengedwa chitengwa kutali, ndipo mayi ake maondo anayamba kukana. Munda wa kachewere ulipo, koma kachewere wopanda feteleza ndi masamba chabe, ndipo chigwereni Kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, thumba la feteleza linathawa manja a anthu ngati iye. Msuweni wake wa ku Johannesburg wamulonjeza ntchito ya m'sitolo. Anatifunsa mwachidule: "A Mwalimu, ndipite kapena nditsale?"

Funso lomweli linafunsidwapo ku France, ndipo amene analifunsidwa sanali wokhulupirira. Pa 29 October 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, Jean-Paul Sartre anakamba nkhani pamaso pa khamu la anthu ku Paris, ndipo chaka chotsatira mawu akewo anasindikizidwa m'kabuku kotchedwa L'existentialisme est un humanisme. M'menemo anasimba za wophunzira wake amene anabwera kwa iye dziko lawo lili m'manja mwa Ajeremani. Mkulu wake wa mnyamatayo anaphedwa pankhondo mu 1940, bambo ake anali atasemphana ndi mayi ake ndipo mtima wawo unkapendekera kwa adani, choncho mayiyo anatsala ndi chitonthozo chimodzi chokha, chomwe chinali mwana ameneyu. Mnyamatayo akanatha kuthawira ku England kukalowa gulu la Afalansa omenyera ufulu, kapena kutsala kuti mayi ake akhale ndi moyo. Kutsalako phindu lake linali looneka, koma la munthu mmodzi. Kupitako kunali kwa dziko lonse, koma kopanda chitsimikizo, chifukwa akanatha kugwidwa panjira kapena kukangopatsidwa ntchito yodzaza mapepala mu ofesi.

Alembi a Chifalansa anali atazolowera kale kuika munthu pamphambano yotere. Mu sewero la Corneille la mu 1637 lotchedwa Le Cid, Rodrigue ayenera kubwezera chipongwe chimene bambo ake achitiridwa, ndipo wochita chipongwecho ndi bambo wa Chimène, mkazi amene iye akumukonda. Mtima umamuwawa, koma amadziwa kuti m'dziko lakelo ulemu wa banja uli pamwamba pa chikondi, ndipo amachita zimene ulemuwo ukufuna. Pofika nthawi ya Sartre, makwerero otere anali atathyoka. Iye anayesa chiphunzitso cha Chikhristu chokonda mnzako, nafunsa kuti mnzakoyo ndani, mayi kapena msilikali. Anayesa maganizo a Kant oti munthu asasandutsidwe chida, naona kuti mbali iliyonse imene mnyamatayo angasankhe, wina asanduka chida. Pamapeto pake sanamuuze chochita. Anangomukumbutsa kuti ali ndi ufulu ndipo asankhe yekha.

Ife Asilamu tikamva nkhani imeneyi timafulumira kumwetulira, poganiza kuti yankho tili nalo m'thumba. Ndipo ndi zoona kuti tili ndi zambiri zimene Sartre analibe. Bukhari ndi Muslim anasunga nkhani ya munthu amene anapempha chilolezo kwa Mtumiki (SAW) kuti apite ku nkhondo. Mtumiki atamva kuti makolo ake ali moyo, anamubweza kuti akachite jihadi yake powatumikira iwowo. Tili ndi Uwais Al-Qarni wa ku Yemen, amene anakhala m'nthawi ya Mtumiki koma sanamuone ndi maso, ndipo chimene Mtumiki anamutamanda nacho ndi ubwino wake kwa mayi ake, mpaka Umar mwiniwake anauzidwa kuti akadzakumana naye adzamupemphe duwa ya chikhululuko. Tili ndi Surat Al-Isra, imene imaika kuchitira zabwino makolo pafupi penipeni ndi kupembedza Allah yekha, ndipo imatchula makamaka nthawi ya ukalamba wawo. Wophunzira wa Sartre akanabwera kwa ife, mwina sitikanachedwa naye, ngakhale kuti ma ulama amasiyanitsanso nkhondo yopita kutali ndi nkhondo ya mdani amene walowa kale m'mudzi, ndipo Ajeremani anali atalowa kale mu Paris.

Koma mnyamata wathu wa ku Dedza sakusankha pakati pa mayi ndi dziko. Akusankha pakati pa mayi ndi mayi yemweyo. Akatsala, mayi ali ndi wowatungira madzi, wowawazira nkhuni ndi wowakweza panjinga kupita kuchipatala, koma nkhokwe ikhala yopanda kanthu pofika January. Akapita, kubwera ndalama ya ufa, mankhwala ndi malata, koma mayi agona okha m'nyumba. Shariah imene ikumulamula kukhala pafupi nawo ndi yomweyonso imene ikumusenzetsa udindo wowadyetsa akasowa, ndipo Surat Al-Mulk imatilimbikitsa kuyenda m'dziko pofuna riziki. Ma ayah ndi ma hadith amene tingamuwerengere ali mbali zonse ziwiri. Tikamuwerengera a mbali imodzi yokha, ndiye kuti tamusankhira ndife, kenako n'kubisala kumbuyo kwa Bukhu.

Akatswiri a fiqh anatithandiza posiyanitsa ulendo wamtendere ndi ulendo woopsa, ndipo pa ulendo woopsa anaika chilolezo cha makolo patsogolo. Njira ya ku Joni sitingaitche yamtendere. Agogo athu anapita pa Wenela, ndipo mu April 1974 ndege itagwa ku Francistown, Amalawi 74 obwerera kwawo kuchokera ku migodi anathera pomwepo, zimene zinachititsa Kamuzu kuimitsa kulemba anthu ntchito za kumeneko. M'masiku athu ano taona zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008, ndiponso mu 2015 pamene boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Tsono chilolezo cha mayi n'chofunika. Vuto lake n'lakuti mayi wa kwathu kuno sakaniza. Adzanena kuti "pita mwanangu, ine ndili bwino," ngakhale akudziwa kuti chitsime chili kutsetse ndipo maondo sakulola. Mnyamata amene akufuna kupita adzamva mawuwo. Amene akufuna choonadi adzayang'ananso nkhope imene ikuwanena. Chilolezo chapezeka, koma katundu akadali pamutu pake.

Pamenepa tiyenera kuvomereza, ngakhale kuti sizikoma kuvomereza kwa munthu wokana Mulungu, kuti Sartre anaona chinthu choona. Anati munthu posankha mlangizi amakhala atasankha kale malangizo, chifukwa amadziwiratu zimene mlangiziyo akanene. Ife aphunzitsi a m'madrassa izi timazidziwa bwino. Wofuna kupita amakafunsa Shehe amene ana ake ali ku Durban, ndipo wofuna kutsala amakafunsa Shehe amene amadzudzula za ku Joni pa khutuba iliyonse. Sartre analembanso zambiri za kudzinamiza, kumene munthu amadziyesa mwala wongokankhidwa kuti asayankhe mlandu wa zochita zake. Kwathu kuno kudzinamiza kumeneku kumavala mkanjo. Wina amati riziki lake linalembedwa ku Joni, chikhalirecho chikumukoka ndi foni yodula imene mnzake anabwera nayo pa Eid. Wina amati watsalira mayi, chikhalirecho akuopa ulendo, ndipo tsiku lonse amathera pa bawo mayiwo akusenza okha ndowa. Onse awiri amatchula Qadar.

Umar ibn Al-Khattab anatseka khomo limeneli kalekale. Ali pa ulendo wa ku Sham anamva ali pa Sargh kuti kutsogoloko kwagwa mliri. Anafunsa maganizo a maswahaba, iwo anasiyana, ndipo iye anaganiza zobwerera ku Madina. Abu Ubaida atamufunsa ngati uku sikuthawa chikonzero cha Allah, Umar anamupatsa fanizo la mbusa wa ngamira amene wafika m'chigwa cha mbali ziwiri, ina yamsipu ina youma. Mbali iliyonse imene angadyetseko, zachitika mwa chikonzero cha Allah, komabe wosankha ndi mbusayo. Chikhulupiriro cha Qadar sichinaperekedwe kuti chitichotsere chiwongolero m'manja.

Pomwe tikusiyana ndi Sartre ndi apa. Iye ankati palibe chabwino chimene chinakhazikitsidwa munthu asanasankhe, ndipo kusankhako ndi kumene kumapatsa chinthu mtengo wake. Ife tikuti alipo Amene akudziwa njira yabwino kwa mnyamatayu ndi kwa mayi ake, ngakhale kuti ife ndi iye sitikuidziwa. Swala ya istikhara yamangidwa pa kuvomereza kumeneku. Anthu ambiri anaisandutsa ula, akumagona kudikira loto lobiriwira, pomwe m'duwa yake munthu amangovomereza kuti Mbuye wake akudziwa ndipo iye sadziwa, napempha kuti chabwino chifeweretsedwe ndi choipa chitalikitsidwe. Akadzuka pamswala amayenerabe kusankha. Surat Al-Imran imaika zinthu mu ndondomeko yake: kufunsana maganizo, kutsimikiza mtima, kenako kuyadzamira kwa Allah. Chapakaticho palibe angamuchitire, ngakhale Shehe. Kusiyana kwake n'kwakuti wophunzira wa Sartre akalakwitsa alibe koti n'kulirira, pomwe wathuyu ali pamaso pa Mbuye amene amayang'ana niya, ndipo anatiphunzitsa kudzera mwa Mtumiki wake kuti ngakhale woweruza amene wayesetsa moona mtima koma n'kuphonya ali ndi malipiro ake.

Palinso china chimene nkhani ya wophunzira uja imabisa, chifukwa imaonetsa ngati kusankha ndi kwa tsiku limodzi. Buku la Albert Camus la mu 1942, L'Étranger, likutithandiza pamenepa. Meursault, kalaliki wa mumzinda wa Algiers, anakasiya mayi ake kunyumba yosungira okalamba ku Marengo chifukwa malipiro ake sankakwana kuwasamalira. Chifukwacho chinali chomveka. Koma m'chaka chomaliza anangotsala pang'ono kusiyiratu kukawaona, poti ulendowo unkamudyera tsiku lake lopuma ndiponso maola awiri a pabasi. Kenako inafika telegalamu ya maliro. Chichewa chili ndi dzina la munthu wotere, ndilo mtchona, ndipo palibe amene anachoka pakhomo atatsimikiza kuti akakhala mtchona. Miyezi yoyamba ndalama imafika pa Mukuru mwezi ndi mwezi. Kenako imafika pa Ramadhan pokha. Kenako nambala ya foni imasintha. Tsiku lina uthenga umamupeza pa WhatsApp, ndipo poti ife sitisunga maliro masiku ambiri pomwe basi imadya masiku awiri panjira, amafika dothi la pamanda litayamba kale kuuma. Tawaona otere atakhala chete kumbuyo kwa mzikiti, ndipo sitinapezepo mawu owauza.

Mnyamata uja sitinamuuze kuti apite, sitinamuuzenso kuti atsale. Tinamufunsa kuti akapita adzagona m'nyumba ya mayi ndani, ndipo tinafuna dzina la munthu, osati mawu oti abale alipo. Tinamufunsa ngati mapepala ake adzamulola kugwira ntchito popanda bodza ndi chiphuphu, chifukwa ufa wogulidwa ndi haramu si mphatso yoti n'kupatsa mayi. Tinamufunsanso kuti akatsala adzachita chiyani chimene sanachite chaka chatha. Tinamuuza kuti akakhale ndi mayi ake awiriwiri madzulo, awafunse kawiri, ndipo ngati apita, atchule mwezi wobwerera pamaso pa amalume ake.

Lachisanu lapitali tinamuona pamzere wachiwiri. Titatha swala anatiuza kuti pasipoti yatuluka, ndipo mwana wa azakhali ake wavomera kudzakhala ndi mayi mpaka nthawi yokolola. Tikiti sanagule.