Dzimbiri la ku Chilwa ndi Funso la Chuma cha Pansi Pano

Munthu amene aima pa mphambano ya pa Matawale, pomwe msewu wa ku Liwonde ulekana ndi msewu wotsikira kum'mawa, ali pakati pa madzi a mitundu iwiri. Pakuti kumbuyo kwake kuli phiri la Zomba, kumene mtsinje wa Mulunguzi utumphuka ndi madzi ozizira amene mzinda wonse wa Zomba umwa, ndipo kutsogolo kwake, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, kuli doko la Kachulu ndi nyanja ya Chilwa, imene madzi ake ngamchere. Komatu madzi onsewa gwero lake nlimodzi. Mulunguzi athira mu Likangala, ndipo Likangala, pamodzi ndi Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, athira m'nyanjamo. Koma popeza nyanjayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, dzuwa limwa madziwo chaka ndi chaka nkusiya mchere umene mitsinje idakokolola m'nthaka ndi m'miyala. David Livingstone, pofika kumeneko m'chaka cha 1859, adawapeza madziwo ali owawa. Ndipo m'zaka za chilala, monga 1968, 1995, 2012 ndi 2018, pamene nyanjayo idaphwa kapena kutsala pang'ono kuphweratu, mchere udachuluka koposa m'madzi otsalawo, kufikira udayamba kuoneka mbuu pa matope ong'aluka.

Chitsulo chilichonse cholowa m'madzi amenewo chituluka chitatenga nthenda. Asodzi a matemba, makumba ndi milamba adziwa zimenezi pa misomali ya maboti awo a matabwa. Ndipo eni ake a ngolo zonyamulira boti, zimene zikokedwa ndi galimoto nizitsitsidwa chambuyo mpaka mateyala atamira, adziwa koposa, chifukwa ngolo yotere ilowa m'madzi ndi kutulukamo kawirikawiri, ndipo palibe chimene dzimbiri lichikonda monga kunyowa ndi kuuma mosinthanasinthana. Chitsulo chikakomana ndi madzi pamodzi ndi mpweya chiyamba kudyeka. Madziwo akakhala a mchere, mphamvu yofooka ya magetsi iyenda mosavuta pakati pa mbali ina ya chitsulo ndi inzake, ndipo kudyekako kufulumira. Tsono ngoloyo ikabwerera ku Matawale nkuimikidwa pa bwalo, mwini wake ayesa kuti yauma, osadziwa kuti mchere wotsalira m'malumikiziro ndi pakati pa masipuling'i ukoka chinyezi cha usiku, nupitiriza ntchito yake iye ali m'tulo.

Pa zinthu zimenezi pabuka funso limene anthu opembedza a mtima woona adzifunsa, ndipo ine sindilipeputsa ngakhale pang'ono. Ambuye wathu, pa chiphunzitso cha paphiri chimene Mateyu adalemba m'mutu 6, adachenjeza omutsatira za kudzikundikira chuma m'dziko lino, natchula njenjete, dzimbiri ndi mbala kuti ndizo zimaliza chuma chotero. Ngati tsono dzimbiri ndi mlaliki amene Mulungu adamuika kuti atikumbutse kuti zonse za pansi pano nzakutha, kodi munthu amene ataya madzulo ake alinkutsuka, kupala ndi kupaka chitsulo sali kutseka pakamwa pa mlalikiyo? Kodi sali kuonetsa kuti mtima wake wamamatira pa zinthu zoti mawa zidzakhala fumbi? Alipo akulu a mpingo, anthu aulemu wawo, amene poona denga la tchalitchi likudontha kapena njinga ya mbusa itachita dzimbiri, angopukusa mutu nkunena kuti zonsezi nzotsala. Ndipo mawu amenewa, pakuti amveka ngati a munthu amene maso ake ali kumwamba, achititsa manyazi aliyense wofuna kuyankha.

Choonadi chilimo ndithu m'mawu amenewo, ndipo tiyenera kuchivomera tisanapitirire. Dzimbiri silidzagonjetsedwa. Chitsulo chidakumbidwa m'nthaka chili mwala wofiira, makolo athu adachiyenga m'ng'anjo ndi moto waukali kuti asule makasu ndi nkhwangwa, ndipo kuyambira tsiku limene chituluka m'moto chifunafuna njira yobwerera kumene chidachoka. Dzimbiri ndiyo njirayo. Penti, girisi ndi phula zingochedwetsa ulendowo, sizingauletse. Ndiponso alipo munthu amene apukuta ngolo yake tsiku ndi tsiku mpaka iwala, koma mnansi wake akabwera usiku kudzapempha kuti imunyamulire bokosi la maliro kapena chimanga cha amasiye, iye adandaula za matope a mumsewu; munthu wotere chenjezo la Ambuye limugwera ndithu, ndipo sindidzamuikira kumbuyo.

Koma taonani amene Malembo amuimba mlandu pa nkhani ya dzimbiri. Yakobo, m'mutu 5 wa kalata yake, alankhula kwa olemera amene adaunjika golide ndi siliva pamene antchito a m'minda mwawo adali kulira malipiro, ndipo anena kuti dzimbiri la chuma chawocho lidzakhala mboni yowatsutsa. Mlandu wawo ngwa kusunga chinthu chosagwira ntchito, chobisidwa kwa osowa, kufikira chitaola. Munthu wosamala chida chake kuti mawa chigwirenso ntchito sali m'gulu limenelo. Iye afanana koposa ndi ana a Zebedayo, amene Ambuye powaitana adawapeza ali m'ngalawa alinkusoka maukonde, ndipo sitiwerenga paliponse kuti adawadzudzula chifukwa cha kusokako. Nanga tinene chiyani za Nowa? Ngati padali munthu amene akadatha kunena kuti Mulungu adzasunga yekha chombo chake, ndi iyeyo, pakuti lonjezo adalilandira kuchokera pakamwa pa Mulungu mwini. Komabe Mulungu yemweyo ndiye adamulamula kupaka chingalawacho phula mkati ndi kunja komwe. Amake a Mose nawo, poika khanda lawo pa mtsinje wa Nile, sadalekere chikhulupiriro chokha ntchito imene manja awo akadatha kuchita, koma adayamba amata kabokosi ka gumbwa kaja ndi phula. Chikhulupiriro cha anthu amenewa chidali ndi phula m'zala.

Ndipo lamulo lija lakuti mkati ndi kunja liyenera kulingaliridwa modekha, chifukwa pomwepo ndi pamene ambiri alakwa. Ngolo zambiri zimene amisiri owotcherera zitsulo apanga m'mbali mwa misewu yathu nzachitsulo cha mphako, ndipo madzi a mchere akalowa m'mphakomo osapeza potulukira, chitsulocho chidyeka kuyambira mkati pamene kunja kuli bwinobwino. Mwini wake agula chitini cha penti, napaka pamwamba pa dzimbiri losapalidwa, ndipo anthu odutsa ayamikira; koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Dzimbiri litupa kuposa chitsulo chimene lidachidya, ndipo limwa madzi nkuwasunga. Chifukwa chake penti yopakidwa pamwamba pake ikhala chofunda chake, ndipo posakhalitsa itukusira nkusendeka. Mmisiri wokhulupirika ayamba wapala ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke choyera, apaka penti yofiira yoyamba, ndipo pambuyo pake penti ya pamwamba. Aboola timabowo pansi pa mphako kuti madzi azituluka. Ndipo achenjeza mwini ngolo kuti asamaitsitse m'madzi ingofika kumene ku doko, pakuti mabering'i a mateyala, atatentha ndi ulendo, akazizira mwadzidzidzi ayamwa madzi, ndipo girisi wosakanizika ndi madzi a mchere sateteza kanthu. Zonsezi ndi ntchito zobisika, zimene palibe munthu adzaziona nkukutamani nazo. Ndipo ndiyesa kuti nchifukwa chake zili muyeso wabwino wa kukhulupirika kwa munthu.

Pali chinthu china m'nzeru za amisiri chimene ine ndichiyesa chozama koposa zonse. Malata amene tifolera nyumba zathu sachita dzimbiri msanga chifukwa adaviikidwa mu zinki wosungunuka, luso limene Stanislas Sorel wa ku France adalembetsa m'chaka cha 1837. Ndipo ngolo zabwino za boti zipangidwa chimodzimodzi. Munthu angayese kuti zinkiyo ndi chophimba chabe, koma si tero ayi. Pakuti ngakhale chophimbacho chikandike, chitsulo nkuonekera pang'ono, dzimbiri silichigwira msanga, chifukwa zinki akakhala pamodzi ndi chitsulo m'madzi a mchere, ndiye ayamba kudyeka m'malo mwa chitsulocho. Humphry Davy adaonetsa zimenezi ku England m'chaka cha 1824, pamene adamangirira zidutswa za zinki ndi za chitsulo pa mkuwa wokuta zombo za nkhondo, mkuwawo nuleka kudyeka. Ndipo kufikira lero pa injini za maboti pamangidwa kachidutswa kotere, kamene ntchito yake yonse ndi kutha kuti injini isathe. Mwini boti wosadziwa, poona kachidutswako katadyeka, akapaka penti kuti kaoneke bwino, ndipo pakutero akalepheretsa ntchito yake. Wodziwa akachotsa nkuikapo katsopano.

Tsono m'chilengedwe chimene Mulungu adachikonza, chinthu sichisungika popanda china kuwonongeka chifukwa cha icho. Pakapanda zinki, pakhale girisi. Pakapanda girisi, pakhale thukuta la munthu ndi nthawi yake, imene akadakhala akucheza pa bawo ndi anzake. Munthu wotunga madzi a pampopi, ochokera ku damu la Mulunguzi, nkutsuka nawo ngolo yake pansi ndi pamwamba tsiku lomwelo limene yachoka ku nyanja, apereka kanthu ka moyo wake kuti chidacho chikhale. Ndipo funso lenileni ndi lakuti aperekera yani. Ngati aperekera ulemu wake yekha, ndiye kuti walandiriratu mphotho yake. Koma ngolo imeneyo iyenda pa msewu wa Matawale pakati pa ana a sukulu, amayi osenza madengu ndi anyamata a njinga onyamula matemba kuchokera ku Kachulu. Ndipo chitsulo chogwira mateyala chikathyoka pamenepo, boti lolemera nkugubuduka, olira sadzakhala mwini ngolo yekha. Boti limenelo lidzawolotsa mayi wodwala kuchokera pa chilumba cha Chisi, ndipo misomali yake ikakhala kuti idatha mkati mwa thabwa, mphepo ya mwera idzaulula zimenezo pakati pa nyanja, pamene madzi akatayika sawoleka. Ulesi wa munthu mmodzi ulipiridwa ndi anthu amene sadaupangane naye. Ndipo kuutcha ulesi wotere chikhulupiriro ndiko kutchula dzina la Mulungu pachabe.

Mlanduwu ukula koposa pa katundu amene si wa munthu mmodzi. Chinthu cha mpingo, cha mudzi kapena cha bungwe, chimene chidagulidwa ndi zopereka za anthu osauka kapena chidabwera ngati mphatso, ndicho chiyamba kuola, pakuti aliyense achigwiritsa ntchito nayembekeza kuti wina adzachitsuka. Mwana wa aneneri uja, amene nkhwangwa yake idaguluka nkugwera mu Yordano m'masiku a Elisa, adafuula ndi mantha, ndipo chimene chidamuwawa chidali chakuti nkhwangwayo idali yobwereka. Mtima umenewo ukusowa pakati pathu. Ngati tivomereza, monga tivomereza ndi pakamwa Lamulungu lililonse, kuti dziko ndi zonse zili m'menemo mwini wake ndi Mulungu, ndiye kuti chida chilichonse chili m'manja mwathu nchobwereka, ndipo ife ndife adindo chabe amene tidzafunsidwa. Tsono mdindo amene alekerera katundu wa mbuye wake kuti aole, nadzitonthoza kuti katunduyo adali woti adzatha kale, sadzapeza mawu pa tsiku lowerengera.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu eni maboti ndi eni ngolo, inu a m'makomiti a m'madoko, ndi inu akulu a mipingo ya pa Matawale ndi ya kumunsi konse kufikira ku nyanja, kuti miyezi ya dzinja imene makoka aletsedwa kuti nsomba ziswane musaiyese ya kukhala manja lende. Tembenuzani maboti, zulani misomali yodyeka nkukhomera ina, matani phula m'malumikiziro; gwadani pansi pa ngolo ndi nyundo yaing'ono, mugogode chitsulo chonse ndi kumvetsera pamene chilira mogonthera, ndipo mukapeza malo otero mupite nayo kwa mmisiri musananyamulirenso kanthu. Pa katundu wa gulu sankhani munthu mmodzi womutchula dzina, mumupatse ndalama ya girisi ndi penti pa msonkhano womwewo umene mugawa ndalama za zinthu zina, ndipo muzimufunsa pamaso pa onse kamodzi pa chaka.