TAMBALA WOLUSA NDI MWANA: MLANDU NGWA YANI?

M'midzi ya ku Madziabango, ndiponso cha ku Chileka ndi ku Lirangwe, nkovuta kupeza khomo lopanda nkhuku. Nkhuku ndiyo ndiwo ya mlendo, ndiyo ndalama ya mchere ndi sopo. Tambala nayenso ali ndi ulemu wake, pakuti ndiye adzutsa alimi mbandakucha, ndipo kuyambira chaka cha 1971 dzina lake lili pa ndalama za dziko lino. Koma alipo atambala ena olusa, amene akaona mwana wongoyamba kuyenda amthamangira ndi kumlumphira kumaso. Tsono mwana akavulala, makolo ake alira nati: "Tambala wanu ndi woipa." Mwini tambala ayankha: "Nanga ine ndalakwanji? Imeneyi ndi nkhuku chabe." Kodi mlandu ngwa yani?

Poyamba nkofunika kudziwa chifukwa chimene tambala amachitira zotere. Iye analengedwa kuti aziteteza misoti ndi mathadzi ake, ndi kupirikitsa tambala mnzake. Nchifukwa chake akale anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Munthu wamkulu amamuopa, koma mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu ndi wamfupi, athamanga mwadzidzidzi, afuula, ndipo tambala amuyesa mdani wolingana naye. Choopsa nchakuti maso a mwanayo ali pafupi ndi mlomo wa tambala, ndiponso ndi chikhadabo chakuthwa chija chomera kumbuyo kwa mwendo wake.

Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaphunzitsa kuti nyama zilibe nzeru yosiyanitsa chabwino ndi choipa, ndiponso zilibe ufulu wosankha monga munthu. Popanda nzeru ndi ufulu palibe tchimo. Kotero tambala sachimwa. Angotsata chibadwa chake. Koma mawu amenewa sapulumutsa mwini wake, amumanga. Pakuti ngati nkhuku siingathe kuganiza, ayenera kuiganizira ndi munthu amene akuiweta.

Buku la Eksodo, mutu 21, lili ndi lamulo loyenera kulisinkhasinkha. Ng'ombe ikagunda munthu mpaka kufa, iphedwe, koma mwini wake alibe mlandu. Tsono ikakhala kuti inali yogunda kale, ndipo mwiniyo anachenjezedwa koma sanaitsekere, mlandu wa imfayo ugwera iyeyo. Lamulolo linenanso kuti chiweruzo nchimodzimodzi wogundidwayo akakhala mwana wamwamuna kapena wamkazi. Apa pali nzeru yakuya: chosandutsa ngozi kukhala mlandu ndicho kudziwa. Tsiku loyamba tambala akajompha mwana, ndi ngozi. Tsiku lachiwiri, mwini wake atamva kale, si ngozinso ai, ndi kusasamala.

Mwina wina adzati: "Tambala wangayu ndi wa mtundu wa Mikolongwe, ndinamgula ndi ndalama zambiri kuti nkhuku zanga zizikula." Zoonadi, nkhuku zakuda zija zotchedwa Black Australorp, zochokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, zathandiza mabanja ambiri, ndipo munthu wosauka sayenera kunyozedwa chifukwa chosunga chuma chake. Komabe tambala wina angagulidwe pa msika. Diso la mwana silipezeka pa msika uli wonse. Amene aika nkhuku ndi mwana pa muyeso umodzi wasokoneza dongosolo la Mlengi. Ndipo sizisintha kanthu mwanayo akakhala wa khomo lina, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mbali inanso ili ndi cholakwa chake. Bambo wokwiya amene athyola tambala mwendo, kapena kumgenda ndi miyala kuti amve ululu, sachita chilungamo, angokhutitsa mkwiyo. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa chaka cha 1992 aphunzitsa kuti munthu aloledwa kudya nyama, koma kuzizunza popanda chifukwa nkosemphana ndi ulemu wa munthu. Kupha nkhuku ya mnzako mobisa nkuonjezera mlandu pa mlandu. Kumenya tambala sikumphunzitsa ulemu. Kawirikawiri kumuonjezera ukali.

Nanga munthu wachilungamo achitenji? Mwini tambala, akangomva dandaulo, amtsekere m'khola pa nthawi imene ana akusewera pabwalo. Asasunge atambala ambiri, pakuti mmodzi akwanira mathadzi pafupifupi khumi. Ukali ukapitirira, amuphe msanga ndi mpeni wakuthwa, akhale ndiwo. Asamgulitse kwa banja la ana aang'ono nabisa khalidwe lake, chifukwa kumeneko nkusamutsa ngozi ndi bodza. Mwana akavulala, mwiniyo apepese ndi kuthandiza pa ulendo wa kuchipatala, osadikira bwalo la a mfumu.

Makolo nawonso ali ndi udindo. Khanda lisasiyidwe lokha pa mphasa lili ndi chimanga kapena nsima m'manja pamene nkhuku zikuyendayenda. Ana okulirapo aphunzitsidwe kusathamangitsa nkhuku ndi kusagwira anapiye. Bala litsukidwe msanga ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo likakhala lakuya mwana apite naye kuchipatala, poopa kafumbata. Likakhala la m'diso, asathiremo mankhwala a zitsamba; athamange naye tsiku lomwelo, pakuti ku Queen Elizabeth mu Blantyre kuli chipatala cha maso.

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati asaione nkhaniyi ngati yaing'ono. Udani wa mabanja ambiri unayambira pa nkhuku ndi mbuzi, ndipo m'mera mpoyamba. Lamulo lachisanu sililetsa kupha kokha, liletsanso kuika moyo wa mnzako pa ngozi mwa kunyalanyaza. Tambala analira pa bwalo la mkulu wa ansembe, Petulo Woyera nakumbukira cholakwa chake. Momwemonso tambala wolusa akalira mawa m'mawa, mwini wake adzifunse ngati khola lili lotseka.