Kodi Duwa la Galasi Lidyetsa Yani?

Masiku apitawa aphunzitsi ndi makolo a pa sukulu ina kuno ku Mulanje adakhala pansi kupangana za ulendo. Aphunzitsi adafuna kuti mayeso akatha atenge ana kupita nawo ku Zomba, akaone munda wa boma wosungiramo mitengo ndi maluwa a mitundumitundu. Adawerengera zonse: ndalama za galimoto, kamba wa panjira, ndi msewu woti adzere, kaya wa ku Limbe kaya wa ku Phalombe ndi Jali. Zokambirana zili m'kati, mkulu wina adaimirira nati: "Kodi anawo akakaona maluwa abwerako atakhuta? Ndalama zimenezi bwanji osagulira makope, kapena ufa wa phala?" Anthu onse adangoti zii, pakuti mawuwo adali anzeru, ndipo wowanenayo si munthu waumbombo ayi, ndi munthu amene njala adaiona ndi maso ake.

Ine ndidali pomwepo, ndipo funso lakelo lidandikumbutsa kalata imene ndidalandira m'chaka cha 2019 kuchokera kwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene nthawi imeneyo adali pa ntchito ku London. Iye adalemba kuti: "Amalume, kuno kuli munda waukulu wa mitengo wotchedwa Kew, ndipo chaka chino aikamo zoumba za galasi pakati pa maluwa. Anzanga ali kukonzekera kupitako, nanenso mtima uli kufuna. Koma ndikawerenga mtengo wa tikiti ndi wa sitima, ndiona kuti ndalama yomweyo ikadagulira amayi sopo ndi mchere kumudziko. Kodi ndikapita ndilakwa? Ndiuzeni inu." Funso la mkulu uja ndi la mphwangayu ndi limodzi: kodi n'chilungamo kutaya ndalama ndi tsiku lathunthu kukangoona chinthu chokongola, chimene sitingachidye, kapena kuchivala, kapena kubwera nacho kunyumba?

Tiyambe taona chimene mnyamatayo adafuna kukaona. Munda wa Kew udayamba m'chaka cha 1759, ndipo akatswiri a zomera asungamo mitengo yochokera ku maiko ambiri. Zoumba za galasi zija zidali za mmisiri wa ku America, Dale Chihuly, wobadwa m'chaka cha 1941, amene adaonetsanso ntchito zake m'munda womwewo mu 2005. Galasi lichokera ku mchenga. Amisiri asakaniza mchengawo ndi soda ndi laimu, nausungunula m'ng'anjo yotentha madigiri ngati 1,500 mpaka ukhale ngati uchi. Tsono atapa pang'ono ndi nsonga ya chitoliro chachitsulo, nauziramo mpweya, natembenuza chitolirocho kosalekeza kuti galasilo lifufume, alikoke, alipinde monga afuna. Likatha kuumbidwa aliziziritsa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, pakuti likazizira msanga ling'aluka lokha. Chihuly adataya diso lamanzere pa ngozi ya galimoto mu 1976, ndipo mu 1979 adavulala phewa. Kuyambira pamenepo adaleka kugwira chitoliro yekha, nayamba kutsogolera gulu la amisiri anzake. Chotero mabango ofiira a galasi oimirira m'udzu, mipira yamawangamawanga, ndi maluwa oyera pamwamba pa dziwe, zonsezo zidali thukuta la manja ambiri. Koma ngakhale thukuta lidachuluka chotero, palibe ndi mmodzi yemwe amene adakhuta nazo.

Tsono tinene poyera kuti mkulu uja adanena zoona pa mbali ina. Mimba siidikira. Munthu amene asiya amake osadya, kapena mwana wake wopanda mankhwala, iye napita kukaona maluwa, wachita choipa, ndipo kukongola kwa maluwawo sikungamuchotsere mlanduwo. Pamenepa palibe mtsutso. Koma tifunse: kodi nthawi zonse pamene tikana ulendo wotere, ndalamayo ipitadi ku ufa ndi mankhwala? Ndalama zambiri zithera ku mowa, ku njuga, ndi ku zovala zodzionetsera, koma sitimva munthu ali kuimirira pa msonkhano kuti awerengere makope amene zikadagula. Chifukwa ninji funsoli tilikumbukira pokhapokha wina akatchula maluwa? Kapena m'mitima mwathu tiganiza kuti kukongola ndi kwa Azungu ndi anthu olemera, ndipo ife osauka tidalengedwera khasu ndi mtondo basi.

Maganizo amenewo anyoza amphawi, ndipo amphawi eni ake awatsutsa tsiku ndi tsiku. Taonani mayi wa m'mudzi pozira nyumba yake: ayenda mtunda kukafuna dothi lofiira ndi loyera kuti akongoletse khoma, chonsecho khoma losakongoletsa likadatchinga mphepo chimodzimodzi. Woumba mtsuko alembapo timizere pakhosi pake, ngakhale timizereto sitiwonjeza madzi. Woluka mkeka asinthanitsa mitundu ya mlaza. Wogula chitenje pa msika wa Chitakale atembenuza zitenje khumi asanasankhe chimodzi, pamene zonse zifunda mofanana. Anthu amenewa njala aidziwa kuposa ife olemba m'nyuzipepala, koma sadavomere kuti munthu ndi mimba yokha.

Komabe yankho limeneli silikwanira, pakuti wina anganene kuti: "Chabwino, kukongola kusangalatsa, koma chosangalatsa chingadikire." Ine ndidamuyankha mphwanga kuti ayambe watumiza za amake, ndipo ikatsala apite. Adapitadi, ndipo kalata yake yachiwiri ndiyo idandiphunzitsa chimene ndifuna kukuuzani lero. Adati: "Amalume, magalasiwo ngokongola, koma chimene chidandidabwitsa ndi anthu. Pafupi ndi galasi aliyense adayenda pang'onopang'ono. Amayi adagwira ana awo dzanja zolimba. Panalibe wothamanga, panalibe wotsamira. Aliyense adadziwa kuti chinthuchi chikasweka chasweka. Ndipo ine ndidakumbuka mkungudza wa pa phiri lathu, ndidachita manyazi."

Manyaziwo adali ndi chifukwa chake. Munda wa ku Zomba umene ana athu afuna kukaona adauyamba ndi Alexander Whyte m'chaka cha 1891. Chaka chomwecho Whyte adakwera phiri la Mulanje natenga nthambi za mkungudza, ndipo mu 1894 akatswiri a ku London adaupatsa mtengowo dzina lakuti Widdringtonia whytei, kukumbukira iyeyo. Mtengo umenewu sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi, koma pa phiri lathu lino lokha. Boma lidateteza nkhalango ya phirili mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza udatchedwa mtengo wa fuko la Malawi. Koma pamene akatswiri adayenda pa phiri kukawerenga mu 2017, adapeza mitengo yaikulu isanu ndi iwiri yokha. Ina yonse idatha ndi macheka ndi moto.

Nanga zidatheka bwanji, pamene mtengowo tonse tidaukonda? Zidatheka chifukwa kulimba kwake kudatinyenga. Thabwa la mkungudza chiswe sichilidya, siliola msanga, ndipo fungo lake likhala zaka zambiri. Poona kulimba kwa thabwa tidayesa kuti nkhalango nayonso njolimba, siingathe. Galasi lili ndi mwayi umodzi: kufooka kwake kuonekera poyera, ndipo ngakhale mwana adziwa kuligwira ndi manja awiri. Kufooka kwa nkhalango kubisika mpaka tsiku lomaliza. Akulu adati chitsime chidziwika kuya kwake chikaphwa. Ndipo tikayerekeza ziwirizi tipeza kuti chofookadi ndi mtengo. Duwa la galasi likasweka, mmisiri akoleza ng'anjo, ndipo pakapita masiku owerengeka laumbidwa lina. Mkungudza waukulu ukagwa, wobzala wina m'malo mwake sadzauona utafika msinkhu umenewo. Adzauona ndi adzukulu, ngati moto uulekerera.

Pano tisaloze chala anyamata ocheka okha, amene adatsika mapiri ndi matabwa pamutu kuti ana awo adye. Adalipo owatuma, adalipo ogula, ndipo ambiri a ife tili ndi kabokosi kapena chitseko cha mkungudza m'nyumba, ndipo sitidafunse kumene thabwalo lidachokera. Mlandu wathu tonse ndi wa maso. Tidazolowera kuyang'ana mtengo ndi kuwerenga matabwa. Diso lotere silikhala loipa pachiyambi, pakuti munthu ayenera kumanga nyumba ndi kudyetsa banja. Koma likakhala lokha, popanda diso lina loliletsa, lidya zonse mpaka mbewu. Ndipo silithera pa mitengo. Munthu wozolowera kufunsa kuti "Ndipindulanji nacho?" pa chinthu chilichonse adzafunsa chomwecho poyang'ana wantchito wake, mkazi wake, ndi nkhalamba imene yaleka kulima. Mtima wa mwana, mbiri yabwino ya mnzako, chikhulupiriro cha pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, zonsezi zisweka msanga ngati galasi, koma sizinyezimira kuti zitichenjeze.

Apa ndipo pali phindu la kukaona chinthu chimene sudzachidya. Munthu aima pamaso pa chinthu chimene si chake, sangachigule, sangachitenge, ndipo aphunzira kukondwa nacho manja ali kumbuyo. Phunziro limeneli silibwera lokha. Liphunziridwa monga kuwerenga, ndipo liphunziridwa bwino paubwana. Chotero kwa mkulu uja ndinganene kuti: inde, anawo sabwerako atakhuta, koma mudzi umene ana ake sadaphunzire kuyang'ana chinthu osachithyola udzamva njala yoposa, pamene mitengo ya m'mbali mwa Likhubula ndi Ruo idzakhale itatha ndipo madzi adzayambe kuchepa.

Koma si ulendo uliwonse umene uphunzitsa zimenezi. Alipo anthu amene afika pa malo okongola, najambulitsa nkhope zawo pa foni, nadya kamba, nabwerera osaona kanthu. Ameneyo wataya ndalama ndithu, ndipo mkulu uja amunena zoona. Tsono amene mukonzekera ulendo wotere, kaya wa ku Zomba, kaya wokwera phiri lathu lomweli, kaya inu muli kunja mufuna kukaona magalasi, samalani zinthu izi.

Choyamba, ndalama ya ulendo isakhale ya ngongole, kapena ya mbewu, kapena ya wodwala. Sonkhani pang'onopang'ono nthawi ikadalipo, ndipo musasiye mwana m'mbuyo chifukwa makolo ake alephera. Ulendo wokaphunzira kusamala zofooka suyenera kuyamba ndi kusweka kwa mtima wa mwana wamasiye. Chachiwiri, konzani maso musananyamuke. Mwana amene sadziwa kusiyanitsa mbawa, mlombwa, msuku ndi mkuyu wa kwawo adzangoona zobiriwira. Itanani nkhalamba ya m'mudzi iwaphunzitse maina ndi ntchito za mitengoyo. Chachitatu, musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi bwino kukhala pansi pa mtengo umodzi m'mbali mwa Mulunguzi kwa theka la ola kusiyana ndi kuzungulira munda wonse mothamangitsana. Chachinayi, manja akhale kumbuyo: osathyola duwa, osalemba dzina pa khungwa, osasiya mapepala. Chachisanu, dziwani kuti mubwerako ndi ngongole. Amene waona chokongola chimene ena adabzala ayenera kubzala chimene ena adzaone.

Ngongole imeneyi ena ayamba kale kuibweza. A bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a nthambi ya za nkhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, afesa mbande zikwizikwi za mkungudza ndi kukazibzala pamwamba, kumene mtengowo umera bwino. Ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa ndi anthu a dziko lonse. Alendo adzabwera kuchokera kutali, atasonkha ndalama zawo monga adachitira mphwanga, kudzaona chimene ife tichiona m'mawa uliwonse potsegula chitseko. Kudzakhala kochititsa manyazi ngati iwo adzayenda mwaulemu pa phirili pamene ife eni ake tili kulitentha posaka mbewa ndi akalulu.

Msonkhano wa pa sukulu uja udatha dzuwa litapendeka. Makolo adavomera ulendo, ndipo mkulu uja sadagonje msanga. Adati avomera pokhapokha mwana aliyense wopita akabzale mtengo umodzi pa sukulu mvula ikayamba, ndi kuuthirira m'chilimwe, ndipo iye mwini adzabwera kudzawerenga yamoyo chaka chikatha. Adapemphanso malo ake m'galimoto, ati akaone yekha ngati maluwawo akhutitsa. Anthu adaseka, ndipo mlembi adalemba dzina lake poyamba pa mndandanda.