Usanagule Galimoto Yako Yoyamba, Mdzukulu Wanga

Khala pansi apa, mdzukulu wanga, foniyo uyambe waika m'thumba. Zithunzi za magalimoto wandionetsazo ndaziona, ndipo mtima wanga wakondwa. Amayi ako andiuza kuti wakhala ukusunga ndalama zaka zitatu, laisensi wapeza, tsopano manja akuyabwa kufuna chiwongolero. Ine chiwongolero ndachigwira zaka zoposa 30, kuyambira pa lole yotuta fodya kupita ku Kanengo mpaka galimoto ya ofesi. Undilole ndikuuze zimene msewu unandiphunzitsa.

Walira mvula walira matope. Mtengo umene alemba pagalasi uja ndi chiwongo chabe, banja lenilenilo lili m'tsogolo. Galimoto imadya tsiku ndi tsiku: petulo, oyilo, matayala, batire, COF, inshulansi, ndiponso ukamapita ku Blantyre uzisiya kenakake pa zipata zolipiritsa za pa Kalinyeke ndi pa Chingeni. Choncho pa makwacha khumi alionse amene wasunga, awiri usawakhudze. Amenewo ndi osinthira dzina, odulira inshulansi ndi okonzera zimene mwini wakale anazibisa. Za katapila usaziganize n'komwe. Ndaonapo anyamata akugula galimoto ndi ndalama zonse, kenako n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku kuikira mazira pampando.

Posankha, dzifunse funso limodzi: ikandifera usiku ku Ntcheu, makaniko wa pamenepo aidziwa? Vitz, Passo, Demio kapena Corolla, masipeya ake uwapeza ku Biwi, ku Limbe, ku Ndirande, ngakhale ku Mzuzu. Koma galimoto yachilendo yotsika mtengo ija imatsika pa chifukwa. Kachitsulo kamodzi kakafa, udikira miyezi kuti kachoke ku Johannesburg kapena ku Dubai. Ukukumbukira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti? Chilichonse chochokera kunja chinakwera tsiku lomwelo. Ukukumbukiranso mizere ya mafuta, anthu kugona pa filing'i siteshoni? Injini ya 1000cc kapena 1300cc ikukwanira. Mira ya 660cc ndi yabwino m'tauni, koma ukaikweza anthu asanu pa chitunda cha Chiweta idzakulirira. Uyang'anenso kutalika kwa mimba yake kuchokera pansi, chifukwa msewu wobwera kuno kumudzi nthawi ya dzinja suchitira chifundo galimoto yokwawa.

Ukafuna kuitanitsa ku Japan, dziwa kuti mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, woiyendetsa kudzafika ku Songwe, msonkho wa MRA umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenako kulembetsa. Uwerengetse zonsezi usanatumize ngakhale tambala, ndipo munthu wongokumana naye pa Facebook usamupatse ndalama zako.

Ukagula ya konkuno, upite ndi makaniko wako, osati wa wogulitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mufike m'mawa injini isanatenthe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Muilize, iwe uime kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wosaleka, kapena chivundikiro cha oyilo chokhala ndi zoyera ngati chambiko, ndiye kuti madzi akulowa kumene sayenera. Ugwade, usuzumire kunsi ngati kukudontha. Utukule kapeti, ununkhize, uone ngati muli matope kapena dzimbiri, pakuti chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023 ena anatsuka magalimoto omira n'kuwagulitsa. Penti yosiyana pakati pa chitseko ndi chinzake ikuuza za ngozi imene mwini wake sakunena. Manambala a mtunda amawabweza m'mbuyo, koma kutha kwa mphira wa buleki ndi chiwongolero sikunama. Kenako uiyendetse wekha pachitunda ndi pamsewu wa mabampu, wailesi ili chozimitsa, khutu lili tcheru.

Pa mapepala ndi pamene anthu ambiri amalira. Dzina la mu blue book lifanane ndi chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Nambala ya chasisi ndi ya injini uziwerenge ndi maso ako pachitsulo penipeni. Mupite ku polisi akatsimikize kuti si yakuba, ufunsenso ngati sinaikidwe chikole cha ngongole. Ku Road Traffic mulowe nonse awiri mukasinthe dzina, adobadoba a panja paja uwapatse moni basi. Mulembe pangano pali mboni, ndalama zidutse kubanki. Wogulitsa akamati "fulumirani, wina akubwera ndi ndalama madzulo ano," umusiye winayo agule. Fulumira adadya gaga.

Tsopano tchera khutu, chifukwa ichi ndicho ndakuitanira. Achinyamata ambiri amaona inshulansi ngati kapepala koonetsa apolisi pa rodibuloko. Ine ndinasiya kuiona choncho tsiku limene mnzanga wina amene tinkagwira naye ntchito anagunda bambo wa njinga chakumadzulo. Sanali woledzera, sankathamanga. Dzuwa linamuthobwa m'maso basi. Inshulansi yake inali itatha masabata awiri m'mbuyomo, ankati akadula malipiro akatuluka. Bambo uja anathyoka mwendo, ndipo anali ndi ana asanu amene ankadya thukuta la njinga imeneyo. Mnzangayo anagulitsa galimoto, anagulitsa puloti, koma banja lija linagonabe ndi njala miyezi yambiri mlandu usanathe. Ndinapita naye kuchipatala kukazonda, ndipo nkhope ya mkazi wa bambo uja sindinaiiwale mpaka lero.

Lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi third party. Imeneyi imalipira munthu amene wamuvulaza kapena kumuwonongera katundu, koma yako siikonza. Comprehensive imalipira zonse ziwiri, kuphatikizapo kubedwa ndi moto, koma ndi yokwera mtengo chifukwa amawerengera mtengo wa galimotoyo. Iwe ukadali mwana pamsewu, chaka choyamba ndicho cha zolakwa zambiri. Ngati thumba likulola, dula comprehensive. Ngati silikulola, dula third party, koma ufunse malire a ndalama zimene angalipire, chifukwa zopitirira pamenepo zidzatuluka m'thumba mwako. Malirewo amatha kukwezedwa ukawonjezera ndalama.

Safunsa adadya phula. Uyende makampani atatu kapena anayi, monga NICO General, Britam ndi Reunion, uyerekeze. Usangoona mtengo wokha. Ufunse za excess, ndiye kuti gawo limene umalipira wekha ngozi ikachitika, pakuti kawirikawiri limakula kwa dalaivala wachinyamata kapena wa laisensi yatsopano. Ufunse amene akuloledwa kuiyendetsa. Udule ku kampani kapena kwa ajenti wovomerezeka ndi Reserve Bank, utenge lisiti, chifukwa kapepala kogula pansi pa mtengo kamadutsa pa rodibuloko koma pa tsiku la tsoka kamakhala pepala wamba.

Ndipo uwauze zoona. Ukalembetsa kuti ndi ya pakhomo, kenako n'kumanyamula matola, angathe kukana kulipira. Ukabwereka mnzako wopanda laisensi, kapena ukayendetsa utalawa, wadziphera wekha. Mtengo wa galimoto uunene weniweni, ndipo chaka ndi chaka uziuonanso, chifukwa kwacha ikagwa ndalama ya chaka chatha sigulanso galimoto yomweyo. Ngozi ikachitika, thandiza wovulala kaye, udziwitse apolisi kuti upeze lipoti lawo, ujambule zithunzi, uimbire a inshulansi mwamsanga. Zomvana m'mbali mwa msewu zimadzauka mawa. Tsiku lothera inshulansi ulilembe pakhoma pamene umadyera nsima.

Anzako adzaseka kuti wagula kagalimoto kakang'ono. Asiye aseke, mawa adzakupempha lifiti. Chimene ndikufuna ine n'chakuti wa kabaza, mwana wa sukulu ndi mayi wosenza mtolo amene udzawadutse pamsewu akafike kwawo, iwenso udzafike kuno. Ukaigula, ubwere nayo pamodzi ndi mapepala ake onse. Ndidzayamba ndawerenga mapepalawo, ndipo ndikakhutira ndidzakwera kutsogolo, unditengere kutchalitchi Lamulungu.