Funso Loyamba Pageti

Caka catha ndinali kuthandiza kulemba maina pa kabungwe kena ka acinyamata kuno ku komboni kwathu. Tsiku lina kunabwela mtsikana wa zaka ngati 16. Alonda pageti anamufunsa cimene wabwelela, iye anafotokoza. Atafika pa tebulo langa ndinamufunsanso, anthu ali pa benci kumbuyo kwake akumvetsela. Anafotokozanso zimene amalume ake anamucita, koma mau ali pansi. Ndinamuuza kuti ayembekeze alangizi, amene akanamufunsa kacitatu. Anapempha kupita kucimbudzi. Sanabwelenso.

Palibe anamukalipila. Tonse tinali ndi mtima wofuna kuthandiza. Nanga munthu angapweteke mnzake pamene akumufunila zabwino? Lelo ndimayankha kuti inde. Mtima wabwino pawokha sukwana ngati kacitidwe ka bungwe kamatokosa cilonda.

Cilonda ca mumtima sicicedwa kuuka. Mau okweza, citseko cotseka kapena funso lobweleza zimabwezela munthu pa tsiku lija, thupi n'kucita mantha ngati zikucitika tsopano. Madokotala a ku America, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anatsogolela kafukufuku wa anthu oposa 17,000 amene zotsatila zake zinayamba kutuluka mu 1998. Anapeza kuti munthu akakumana ndi nkhanza zambili ali mwana, amakhala pa ngozi yaikulu ya matenda a maganizo, ucidakwa ngakhale matenda a mtima akakula.

Conco bungwe liyambile pati? Osati pa ndalama. Liyambile pa funso. M'malo mwa "Vuto lako n'ciani iwe?" tifunse kuti "Cinakucitikila n'ciani?" ndipo afunse munthu mmodzi yekha, pamalo obisika. Maphunzilo asakhale a alangizi okha. Alonda ndi wosesa ndiwo amakumana ndi mlendo poyamba. Munthu auzidwe cimene cicitike kenaka, ndi amene adzamva nkhani yake. Apatsidwe mpata wosankha: kukamba lelo kapena mawa, kwa mkazi kapena mwamuna, citseko cotseka kapena cotsegula. Wocitidwa nkhanza analandidwa mphamvu yokana. Kumubwezela ngakhale pang'ono ndiko kuyamba kucila. Bungwe lidziwenso polekezela nzelu zake ndi kotumiza anthu, monga ku Victim Support Unit ya apolisi kapena nambala yaulele ya ana, 116. Ndipo anchito nawonso amafunika powatulila nkhawa, cifukwa womva zowawa tsiku ndi tsiku amatopa, n'kuyamba kuuma mtima.

Mnzanga wina anandiuza kuti uku n'kulekelela. Anati, "Mnyamata akamenya anzake, tizingoti anavutika ali mwana?" Funso lake ndi lomveka. Koma kumvetsa si kucotsa mlandu. Womenya aletsedwe, womenyedwa atetezedwe. Cosiyana n'cakuti cilango cisafanane ndi cimene cinamuononga. Mwana amene anakulila m'zibakela, mbama yako siimuphunzitsa catsopano.

Tebulo lija tinalisunthila m'kacipinda, ndipo alonda tsopano amangoti, "Lowani, mwalandilidwa." Sitinaonongepo ngakhale kwaca imodzi. Mtsikana uja sindinamuonenso. Ndikakwela minibasi ndimayang'ana nkhope za atsikana a msinkhu wake, ndikudzifunsa ngati anapezanso mphamvu yokauza wina.