Tulo ta bambo tinali ta ndani?

Chaka chatha kampani ina ya migodi inandipatsa ganyu yomasulira kapepala kochenjeza antchito za kuopsa kwa kutopa. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka, ndiye timaganyu totere timabwera mwa apo ndi apo. Kapepalako kanali kakafupi, koma chiganizo chimodzi chinandiimitsa masiku awiri. Chinkati ndi udindo wa wantchito aliyense kugona mokwanira asanabwere ku shifiti.

Choyamba kundivuta chinali chinenero. M'Chichewa ukhoza kumuuza munthu kuti agone, iye n'kudzitayadi pamphasa. Koma tulo sitilamulidwa. Timati tulo tandigwira, tulo sitikubwera, ndasowa tulo. Chinenero chathu chimadziwa kuti tulo timabwera tokha. Nanga munthu angasenze bwanji udindo pa chinthu chimene sichili m'manja mwake?

Chachiwiri chinali bambo anga.

Ndinakulira ku Mambo, mumzinda wa Gweru. Agogo anachoka ku Ntcheu kudzakumba miyala ya kromu ku Selukwe, komwe lero timati Shurugwi, ndipo bambo nawonso analowa ntchito ya mumgodi. Sabata imene anali pa naiti ankafika m'mawa dzuwa litakwera kale, n'kumwa tiyi, n'kulowa kuchipinda. Mayi ankapachika bulangete pawindo. Kuyambira pamenepo nyumba yonse inkakhala ngati pali maliro. Wailesi inkazimitsidwa, mbale zinkatsukidwa kuseri kwa nyumba imodziimodzi, ndipo ana tinkapitikitsidwa kukasewera kutali. Mawu amene ndinawamva kwambiri ndili mwana ndi akuti "Bambo agona!", onenedwa monong'ona koma maso ali psuu. Komabe wailesi ya aneba inkalira, ogulitsa masamba ankafuula mumsewu, ndipo mu Okutobala denga linkatentha ngati chiwaya. Akagona maola anayi tinkati lero zayenda.

Sindikunena kuti kapepala kaja kankanama. Mu 1997 akatswiri awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anaonetsa m'magazini ya Nature kuti munthu amene wakhala maso kwa maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi. Thupi lili ndi wotchi yakeyake imene imatsatira kuwala ndi mdima, ndipo anthu atatu amene anafotokoza momwe wotchiyi imayendera, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel mu 2017. N'chifukwa chake tulo ta masana timakhala tatifupi ndi topepuka, ngakhale pawindo pakhale bulangete lokhuthala bwanji. Pansi pa nthaka, woyendetsa makina akasinza pang'ono, wovulala kawirikawiri ndi mnzake. Choncho ndikuvomera kuti wantchito ali ndi ngongole kwa anzake. Amene waswera kubawa tsiku lonse kenako n'kutsika mumgodi usiku ndi wolakwa, ndipo bambo anga akanakhala oyamba kumudzudzula.

Chimene chimandisautsa ndi chifukwa chimene makampani amapereka. Amati gonani bwino kuti mugwire ntchito yambiri, ngozi zichepe, phindu likwere. Apa tulo tasanduka mafuta othira m'makina. Chifukwa chotere chimagwira ntchito pokhapokha munthu wopuma bwino akamabweretsa ndalama zambiri kuposa wotopa. Tsiku limene masamu atembenuka, chifundocho chimathera pomwepo, ndipo m'dziko muno anatembenukapo kale. Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la mu 1976, limafotokoza momwe eni migodi ya Southern Rhodesia ankaumirira pa chakudya ndi pogona m'makomboni zaka zoyambirira za m'ma 1900, anthu n'kumafa ndi chibayo ndi matenda a kusowa zakudya, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland. Nthawi imeneyo munthu wina wolowa m'malo anali wotchipa kuposa bulangete ndi chipinda chabwino, ndipo palibe amene analemba kapepala ka tulo. Ngakhale lero, anyamata okumba golide paokha m'mapiri a Shurugwi ndi ku Kwekwe, amene kuno timawatcha makorokoza, amachezera m'maenje popanda wowafunsa ngati anagona, poti palibe bwana amene angaluze iwo akasinza.

Malangizo akuti gonani maola asanu ndi awiri amaiwalanso kumene anthu amakhala. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, n'kumayaka anthu atagona kale. Owotcherera zitsulo ankatsegula mashopu pakati pa usiku, amayi ankadzuka kusita mayunifolomu ndi kuphikiratu nyemba, m'mawa n'kupita kuntchito ngati masiku onse. Munthu woteroyo sasowa womuphunzitsa ubwino wa tulo.

Koma chimene ndinachedwa kuchiona ndi cha mayi. Pa pepala la malipiro a bambo pankalembedwa maola a shifiti ndi kandalama kowonjezera ka usiku. Maola amene mayi ankayenda monyang'ama m'nyumba yawoyawo, kubweza alendo pakhomo, kubereka khanda n'kumazungulira nalo mumsewu kuti lisalire pafupi ndi windo, sanalembedwe paliponse. Mgodi unkalipira munthu mmodzi koma unkalamulira tsiku la anthu asanu ndi mmodzi. Ngati bambo ankafika ku shifiti maso ali gwa, anawagwirira ntchitoyo ndi mayi. Chiganizo chija chinkalankhula kwa wantchito yekha, ngati kuti amagona pachilumba.

Anzathu olankhula Chishona akakufunsa m'mawa kuti "Marara sei?", umayankha kuti "Ndarara kana mararawo", kutanthauza kuti ndagona ngati inunso mwagona. Ife timangoti kaya inu, koma mtima wake ndi womwewo. Wofunsayo sakufuna kudziwa ngati ulime mizere yambiri lero. Akufunsa chifukwa usiku ndi wautali, ndipo kugona mwamtendere ndi gawo la kukhala bwino kwa munthu, kaya mawa kuli ntchito kaya kulibe. Ine ndimakhulupirira moni ameneyu kuposa kapepala kaja, ngakhale kuti zonse ziwiri zimafuna kuti munthu agone.

Womasulira alibe ufulu wosintha mawu a eni ake, ndiye chiganizocho ndinachimasulira momwe chinalili. Ndinangowonjezera kakalata kopempha kuti aikepo chiganizo china chonena za udindo wa kampani pa kasanjidwe ka mashifiti ndi nthawi ya mabasi. Anandithokoza, anandilipira, kapepalako n'kutuluka kopanda chiganizo changa.

Bambo anapuma pantchito kalekale, koma mpaka pano cha m'ma 2 koloko usiku amakhala ali maso, akufufuza ketulo mumdima. Nditapita ku Mambo pa Khrisimasi ndinawawerengera chiganizo chija. Anamvetsera, n'kunena kuti, "Chichewa chake wakhoza. Koma amene anakupatsa chizungucho, iyeyo amaweruka nthawi yanji?" Kenako analowa kuchipinda kukayesa kugona, ndipo mayi, osaganizira n'komwe, anatsitsa wailesi.