Nyumba Yokhoma Chaka Chonse

Amayi anzanga, mu 2019 tauni ya Sambuca ku Sicily, m'dziko la Italy, inagulitsa nyumba zakale pamtengo woyambira pa yuro imodzi. Achinyamata anali atathawira m'mizinda, nyumba n'kumagwa. Alendo a ku America ndi maiko ena anathamangira kukagula, kuti azikapumulako pa tchuthi pakati pa matchalitchi akale a Chikatolika.

Tisawaseke azungu. Tsikani minibasi pa Nathenje, kapena tsatani msewu wa ku Bunda mpaka ku Mitundu, muona nyumba za malata zokhoma. Eni ake ali ku Area 47 kapena ku Joni, amabwera pa Khirisimasi ndi pamaliro basi.

Imodzi mwa nyumbazo ndi yathu. Kiyi amasunga mlamu wanga wamasiye kuti azikasesamo, pamene iye ndi ana atatu amagona m'kanyumba kodontha. Chaka chatha nditafika, ndinamudzudzula chifukwa cha fumbi la pamipando.

Kodi kukhala ndi nyumba yachiwiri ndi tchimo? Ine sinditero. Womanga kwawo wachita bwino, ndipo amisiri apezapo ganyu. Chikundisowetsa tulo ndi lokoyo. Francis wa ku Assisi, ku Italy komweko, anasiya chuma chonse cha atate ake. Zimenezo ambirife sitingathe. Koma mayi wa ku Sunemu (2 Mafumu 4) tingamufikire. Iye anamanga chipinda, n'kuikamo bedi ndi nyali, kuti Elisa azigonamo.

Bambo akunyumba akuti ana atiswera magalasi. Mwina aswadi. Loweruka tikupita kumudzi, ndipo nkhaniyi sitinamvanebe.